Lumbiro la m'matsire silifika madzulo

Ana anga a m'magombe a Salima, kuyambira ku Chikombe, kudzera ku Lifuwu ndi Senga Bay mpaka kukafika ku Chipoka, pali mawu amene makutu anga atopa nawo. Mawu ake ndi akuti, "Kuyambira lero ndasiya." Amanenedwa m'mawa, mutu ukuwawa, m'thumba muli mbee, mayi a kunyumba atatupa ndi mkwiyo. Wonenayo sanama ayi, nthawi imeneyo amanenadi zochokera pansi pa mtima. Koma dzuwa likapendeka, matsire atatha, mnzake n'kuimba foni kuti ali pamalo paja, lumbiro lija limathera pomwepo. Mawa lake alumbiranso, ulendo uno atagwira Baibulo kapena Korani. Chaka chikamatha munthu uja amafika pokhulupirira kuti adabadwa choncho, kapena kuti wina kumudzi adamulodza.

Sadabadwe choncho, ndipo palibe adamulodza. Vuto lake n'lakuti iye ali ndi lumbiro lokha, pamene mowa uli ndi dongosolo lathunthu. Uli ndi malo ake, nthawi yake, anthu ake oitana, ngakhale ngongole umapereka. Wofuna kuthana nawo ayenera kukhala ndi dongosolo loposa pamenepo, lolembedwa, lokhala ndi masiku, maina a anthu ndi ndalama zowerengeka.

Umboni wake uli pakhomo pathu pompano. Kunyanja kwa doko la Chikombe kuli chilumba cha Mbenje, m'dera la mfumu yaikulu Makanjira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 chilumbachi chili ndi malamulo ake amene sadachokere ku boma, adaikidwa ndi mafumu ndi akuluakulu a konkuno. Usodzi umatsekedwa mu Disembala, n'kudzatsegulidwa mu Epulo pa mwambo umene pamasonkhana khamu la anthu. Pachilumbapo salola mowa, salola chamba, salola juga, ndipo akazi sapondapo. Wophwanya lamulo amalipitsidwa kapena kuthamangitsidwa. Akatswiri a za usodzi amachokera kutali kudzaphunzira chifukwa chake utaka wa ku Mbenje ukadali wochuluka pamene kwina ukunka nuchepa.

Iwo amabwera kudzaona nsomba, koma ine maso anga amakhala pa anyamata. Mnyamata amene kumtunda sangathe madzulo amodzi osalawa, akakwera boti la ku Mbenje amatha masabata ali bwinobwino, akukoka chilimira, akudya nsima, akugona tulo. Mtima wake ndi womwe uja, magazi ake ndi omwe aja. Chasintha n'chakuti wina adamukonzeratu zinthu. Kulibe wogulitsa, kulibe womuitana, ntchito ya tsikulo ikudziwika, ndipo aliyense akudziwa chimene chimuonekere akaphwanya lamulo. Ndiye muoneni akatsika kumtunda, ndalama za masabata onse aja zili m'thumba, popanda chomuuza kuti ola lotsatira achite chiyani. Pakatha masiku atatu amakhala akubwereka ya sopo.

Zoterezi si za kuno kokha. Pa nkhondo ya ku Vietnam, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, boma la America lidadzidzimuka litapeza kuti pafupifupi msilikali mmodzi mwa asanu aliwonse adali atakodwa ndi mankhwala oopsa otchedwa heroin. Anthu adaopa kuti asilikaliwo akabwerera kwawo, misewu idzadzaza ndi anthu osokonekera. Mayi wina wofufuza, Lee Robins, adawalondola atabwerera, ndipo adapeza kuti m'chaka choyamba, mwa 20 aliwonse amene adali okodwa, pafupifupi mmodzi yekha ndi amene adakodwanso. Adali atachoka pamalo pomwe mankhwalawo ankapezeka paliponse motchipa, adasiyana ndi anzawo osuta nawo, mantha a nkhondo nawo adatha. Inu simungasamuke m'Salima nonse, nyanjayi ndiyo munda wathu. Koma zimene chilumba chimachitira mlovi kwa masabata angapo, munthu akhoza kudzichitira yekha kumtunda ngati atakhala pansi n'kulinganiza.

Tsopano ndilankhule ndi iwe wekha, mwana wanga, amene watopa nazo.

Usanachite china chilichonse, mvetsa ichi. Ngati wakhala ukumwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi yambiri, makamaka kachasu kapena timabotolo totchipa tija tidalowa m'malo mwa masacheti boma litawaletsa mu 2015, usasiye mwadzidzidzi uli wekha. Thupi lozolowera mowa likaumanidwa limayamba kunjenjemera pakatha maola 6 mpaka 24. Thukuta limachita kamukamu, mseru, tulo osabwera. Ena amagwa khunyu m'masiku awiri oyamba. Pa tsiku lachitatu kapena lachinayi ena mutu umasokonezeka, amaona zinthu zoti palibe, ndipo pamenepa munthu akhoza kufa. Kumudzi tikaona zimenezi timathamangira kwa sing'anga kapena kukaitana opemphera, pamene ndi matenda amene achipatala amawadziwa bwino ndipo ali ndi mankhwala ake: diazepam wa masiku ochepa wokhazika thupi pansi, ndi vitamini B1 woteteza ubongo. Taganiza munthu kugwa khunyu ali pa bwato, usiku, pakati pa nyanja. N'chifukwa chake chidakwa chenicheni chisayese kuthawira ku chilumba kuti chikasiyire komweko.

Tsiku losiya usalisankhe m'matsire. Pita ku chipatala cha boma cha Salima kapena chipatala chaching'ono chimene uli nacho pafupi, ukanene mlingo weniweni umene umamwa, osadula pakati monga amachitira ambiri akaona chovala choyera. Mukagwirizane tsiku, ndipo sabata imeneyo usalowe m'madzi. Ngati zafika povuta, a Saint John of God ali ndi chithandizo cha anthu okodwa ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera pa boma la Salima, komanso ku Mzuzu. Chipatala cha boma cha matenda a maganizo chili ku Zomba. Safunsa adadya phula.

Kukatsala masabata awiri kuti tsikulo lifike, gula kope. Usiku uliwonse, kapena m'mawa mwake ngati usikuwo sunali m'nzeru zako, lemba nthawi imene unayamba kumwa, anthu amene unali nawo, chimene chinachitika usanayambe, ndi ndalama zimene zapita. Ngati kulemba kumakuvuta, mlongo wako akulembere. Poyamba zioneka zachibwana. Koma masabata awiriwo akamatha udzaona kuti kumwa kwako, kumene umati kumangochitika, kuli ndi maola ake ndi anthu ake omwewomwewo. Wina adzapeza kuti amamwa akangokangana ndi akazi ake. Wina adzapeza kuti maina awiri okha ndi amene akubwerabwera pa tsamba lililonse. Ukatero wonkhetsa ndalamazo. Tinene kuti umataya K3,000 pa tsiku, ndipo ndikudziwa ena mukuseka kuti ndachepetsa. Pa mwezi ndi K90,000. Pa chaka zapitirira K1,000,000. Malangizo anga onsewa sangakupweteke monga mmene ingakupwetekere nambala imeneyo utailemba ndi dzanja lako.

Kwa msodzi ola loopsa kuposa onse ndi la m'mawa, boti litakocheza, usipa utagulidwa, mwini zipangizo atagawa ndalama. Wachezera usiku wonse, wazizidwa, m'mimba mulibe kanthu, ndipo m'manja muli ndalama. Anzathu a m'maofesi amayesedwa kamodzi pa mwezi, inu mumayesedwa m'mawa uliwonse umene nyanja yapatsa. Ola limeneli ulilembe m'kopemo mwatsatanetsatane kuposa china chilichonse. Yamba ndi kudya, kaya ndi phala, kaya tiyi wa mbatata, chifukwa m'thupi lozolowera njala ndi chibaba zimamveka mofanana. Kenako ndalama zichoke m'manja mwako usanachoke pamchenga. Kuziika mu Airtel Money kapena Mpamba ya foni yako yomwe sikukwanira, poti wotapitsa ndalama ali khomo loyandikana ndi bala, ndipo m'foni momwemo ndi momwe muli kubetcha mpira, kumene kwameza anyamata ambiri odzitama kuti adasiya mowa. Tumiza kwa munthu mmodzi amene mwapangana naye, mayi ako, malume ako, akazi ako, kapena ulowe banki mkhonde komwe ndalama sizituluka tsiku lililonse. Udzisiyire ya chakudya basi. Anzako adzati adakudyetsa khuzumule. Aleke anene, onenawo akugona m'nyumba zodontha. Pomaliza sankhiratu njira yobwerera kunyumba. Ngati ya chidule imadutsa pa shabini, zungulira, ngakhale italike bwanji.

Ndalama yosungidwa popanda ntchito yake imabwerera kumowa. Apa ndiye pofunika cholinga, ndipo apa ndi pomwe ambiri amaphonya. "Ndikufuna kusintha moyo wanga" ndi mawu abwino a m'pemphero, koma sungawerenge kuti watsala pati kuti ufike. Cholinga chimakhala ndi dzina, mtengo ndi tsiku. Matumba asanu a chimanga ogulidwa mu Meyi chikadali chotsika, kuti Januwale asadzakupeze pa mzere wa ku Admarc. Malata 12 pofika Okutobala, mvula isanagwe. Fizi ya mwana itakwana sukulu zisanatsegulire mu Seputembala. Matchera akoako kuti uleke kukhala mlovi wa munthu mpaka imvi. Kwa wina amene sukulu idamuthera panjira, kulembanso mayeso a Fomu 4 n'cholinga chokaphunzira ntchito yamanja ku Salima Technical College, imene ambiri mumangoidutsa. Sankha chimodzi. Munthu wongosiya kumene amakhala ndi changu chonyenga, amafuna kumanga nyumba, kubweza mkazi amene adachoka, kusiya fodya ndi kulowa kwaya, zonse m'mwezi umodzi, ndipo chimodzi chikakanika amazitaya zonse.

Usadikirenso kuti ndalama zikwane zonse. Ikakwana ya lata limodzi, kagule lata limodzilo, ukaliimike m'nyumba pomwe uzilionera podzuka. Kuligulitsa n'kotheka, inde, koma kuyenda nalo pamutu mudzi wonse ukukuona kuli ndi manyazi ake, ndipo manyaziwo amakupatsa mpata woganizanso. Ndalama ya pepala ilibe manyazi otere.

Tenganso kalendala, ya pakhoma ija ya kusitolo kapena ya kumpingo. Nyanja yathu ili ndi masiku ake opanda ntchito, ndipo sabwera mobisa. Mwezi ukawala usipa sutsata nyali, asodzi a kauni amakhala pamtunda masiku angapo. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera ukhoza kukuntha masiku atatu kapena anayi osaleka. Pa 1 Novembala boma limatseka makoka ena kuti chambo chiswane, ndipo mu Disembala Mbenje nayo yatseka. Masiku amenewa ndi amene amagwetsa anthu. Munthu amadzuka wopanda kolowera, n'kupita pomwe pali anthu, ndipo pomwe pamakhala anthu masana pa doko mukupadziwa nonse. Zunguliza masikuwo ndi cholembera mwezi usanayambe, lililonse ulipatse ntchito yake ndi ola lake. Usalembe kuti "ndidzapeza chochita." Lemba kuti Lachiwiri 7 koloko ndikukasoka ukonde kwa akuti, Lachitatu ndili pa ganyu m'minda ya mpunga ku Lifuwu, Lachinayi ndikukhoma thandala la amayi, madzulo ake mpira. Ngakhale ntchito yopanda malipiro ilembe, chifukwa tsiku limene sunamwe wapindula kale K3,000 ija.

Katswiri wina wa za maganizo wochokera ku Germany, Peter Gollwitzer, adalemba mu 1999 za kafukufuku woonetsa kuti anthu amene amaneneratu kuti "chakuti chikachitika, ine ndidzachita chakuti" amakwaniritsa zolinga zawo kuposa amene amangoti "ndiyesetsa." Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Nthawi ya mayesero si nthawi yoganiza, mutu umakhala utatentha kale. Yankho liyenera kukhala lokonzedwa dzulo. Ndiye lemba mayesero ako mmodzimmodzi. Kuli maliro, ndipo sungakane kukagona pa siwa kapena kukakumba nawo manda ngati ndiwe mdzukulu. Kuli chinkhoswe, kuli ukwati, kuli tsiku limene timu yako yapambana, komanso limene yagonja. Pa chilichonse lemba mawu enieni amene udzanene. "Adokotala andiletsa" amagwira ntchito kuposa "ndasiya," chifukwa anzako amakonda kulimbana ndi kusiya kwako koma ndi ochepa amene amalimbana ndi adokotala. M'manja mwako mukhale kapu ya thobwa kapena botolo la zoziziritsa kukhosi usanakhale pansi, poti dzanja lopanda kanthu ndi limene amalipatsira chipanda. Ulembenso ola limene udzanyamuke, ndi munthu amene udzanyamuke naye.

Chibaba chikabwera chimanamiza munthu kuti chizingokulirakulira mpaka atamwa. Zoona zake n'zakuti chimakwera, chifika pachimake, kenako chitsika chokha, kawirikawiri theka la ola lisanathe. Theka la ola limenelo likhale ndi chochita chake chodziwika kale: kukasamba, kuimbira foni munthu amene adavomera kuti uzimuimbira ngakhale pakati pa usiku, kapena kukakhala pa bawo la madala osamwa.

Za "mpaka kalekale" uzisiye kaye. Mu 1935 ku Akron, m'chigawo cha Ohio ku America, zidakwa ziwiri, Bill Wilson ndi dokotala Bob Smith, zidayambitsa gulu la Alcoholics Anonymous limene lero lili m'maiko ambiri. Nzeru yawo imodzi imene ndimaikonda ndi yakuti munthu alonjeze za lero lokha, za mawa adzalonjeza mawa. Tsiku likatha, chonga pa kalendala. Iwe wa kunyanja werenga kuchokera mdima uno kufika mdima wotsatira, kenako wina, kenako wina. Miyezi itatu yoyamba ndiyo yoterera kwambiri. Ofufuza a ku America adaonetsa mu 1971 kuti mwa anthu atatu aliwonse osiya mowa, fodya kapena heroin, pafupifupi awiri ankabwerera miyezi itatu isanathe. Sindikunena izi kuti ndikuopseze. Ndikufuna udziwe poika alonda ambiri. Abale athu achisilamu, amene ndi ochuluka m'mbali mwa nyanja muno, amaidziwa mphamvu ya masiku owerengeka: Ramadani ili ndi tsiku loyamba, ola lomasula ndi tsiku lomaliza, ndipo mudzi wonse umasala limodzi. Akhristu ali ndi masiku 40 a Lenti. Yambira pamenepo ngati zikukuthandiza, koma ukonzeretu za tsiku la Idi kapena la Pasaka, chifukwa ambiri amagwa pa tsiku lachikondwerero lomwelo. Kupemphereredwa n'kwabwino ndipo ine sindingakuletse. Kungoti abusa akakusanjika manja Lamulungu, Lolemba m'mawa pa doko sadzakhalapo.

Inu osuta chamba, musanamizane kuti boma lidaloleza. Lamulo la mu 2020 lidaloleza kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhala ndi ziphaso, kusuta kukadali mlandu. Wosiya chamba amavutika ndi kusowa tulo, kupsa mtima ndi kusafuna kudya kwa sabata imodzi kapena ziwiri, choncho achenjezeretu a m'nyumba mwake. Akayamba kumva mawu a anthu oti palibe, kapena maganizo ofuna kudzipha akamamufikira, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Nanunso ana anga aakazi, ogula usipa ndi kuyanika pa thandala, nkhaniyi ikukukhudzani. Mkazi amamwera kuseri chifukwa mudzi umamuweruza kawiri, ndipo chomwera kuseri chimachedwa kupeza thandizo. Ngati muli ndi pakati, mowa umafika kwa mwana. Ngati muli pa ma ARV, usiku woledzera ndi umene mankhwala amaiwalika.

Pali msampha wina umene anthu sauona, ndiwo ngongole ya pa shabini. Munthu wasiya masabata atatu, chikumbumtima chamugwira, akuti ndikabweze ya amayi ogulitsa mowa aja. Afika, alipira, amayi aja akondwa n'kumuthirira ya ulere yothokoza. Ngongole ibwezedwe ndithu, ndi ya mwini, koma tuma munthu akapereke.

Tsamba lomaliza la kope likhale la tsiku limene udzagwe, ndipo ulilembe ukadali chiimire. Alan Marlatt, amene adafufuza kwa zaka zambiri za kubwerera kumowa, adaona kuti botolo loyamba silimene limamaliza munthu. Chimamumaliza ndi maganizo obwera pambuyo pake, akuti "basi ndaononga kale, bola ndingomaliza." Ukonde ukang'ambika pamalo amodzi suutaya m'nyanja, umausoka m'mawa mwake bowo lisanakule. Lemba kuti ndikagwa, ndidzachoka pamalopo nthawi yomweyo, ndidzauza wakuti dzuwa lisanalowe, sindidzalowa m'madzi kapena kukwera njinga yamoto tsiku limenelo, ndipo ndidzabwerera kuchipatala sabata yomweyo. Dziwanso kuti thupi limene lapuma miyezi silipirira mlingo wakale, wobwerera ndi ukali wa kale akhoza osadzuka. Masiku amene udachonga pa kalendala usawafufute, ndi ako. Malata aja akadali m'nyumba. Chofunika ndi kubwerera m'kope n'kufunsa kuti tsikulo lidasowa chiyani, ndani adalipo, ndalama zidali kuti, kenako n'kutseka mpata umenewo.

Inu amene mwasungitsidwa ndalama, mayi, malume kapena mkazi wa mnyamatayu, mwasenza katundu wolemera ndipo mudzatukwanidwa. Musadye ngakhale tambala, lembani chilichonse chimene walowetsa ndipo muzimuonetsa sabata iliyonse, chifukwa akangokukayikirani kamodzi dongosolo lonse lagwa. Musamukumbutse za kale pamaso pa ana. Panganani lero, mutu wake uli bwino, kuti ndalama sizituluka dzuwa litalowa. Tsiku lina adzabwera usiku ndi nkhani yomveka bwino, ya mnzake wodwala kapena ya injini yofuna mafuta, adzachonderera, kenako adzakalipa kuti ndalamazo ndi zake. Ndi zakedi. Muuzeni abwere m'mawa atamwa tiyi, kope lake lili m'manja, mudzakambirane.